Atsogola Kukagwira Tebulo

Ulendo umenewu sindinaufune ine. Anaufuna ndi Tadala, mwana wanga wamng'ono, wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo anaukakamira mpaka mutu kundiwawa. M'mawa akamatsuka mano, funso linali lomwelo. Ndikabwera ku shifiti miyendo itatupa, funso lomwelo. Kodi ku Bangor tipita liti?

Chaka chilichonse mu Ogasiti, sukulu zitatsekera, malemu amuna anga, bambo a Mphatso, ankatinyamula pagalimoto kuchoka kwathu ku Lewisham mpaka ku Bangor, kamzinda ka kumpoto kwa Wales komwe mapiri amayambira kuseri kwa nyumba za anthu. Iwo anakulira ku Zomba, ndipo ankadandaula kuti ku London maso awo amasowa poima. Ku Bangor ankakutcha Zomba wozizira. Koma ndisaname, mapiriwo sitinakwerepo ngakhale limodzi. Ife tinkapitira kudya. Tsiku lofika tinkadya nsomba ndi tchipisi kwa mayi wina wachikulire dzina lake Mayi Pritchard, ndipo mawa lake tinkapita kwa mmwenye wa kumtunda, wophika nkhuku ya tsabola imene inkawatulutsa thukuta bambo a Mphatso uku akulumbira kuti sikuwawa.

Kwa Mayi Pritchard kunali tebulo limodzi la pawindo loyang'ana kumapiri, ndipo mayiyo sankalola munthu kulisungitsa pa foni. Wofika msanga ndiye wake. Ndiye tikangoimika galimoto kumunsi, ine ndikadali kufunafuna majuzi a ana, bambo a Mphatso ankati, "Ine nditsogole, ndikagwire tebulo," n'kuuyatsa. Ife tikamafika tinkawapeza atadzaza tebulo lonse okha: jekete pampando uwu, chipewa pa uwo, makiyi pa winawo, iwo ali pakati akutikodola ngati sitikuwaona.

Mu Epulo anapita ku Malawi kukaona amayi awo amene ankadwala. Agogowo anachira. Amene anagwa pakhonde ndi mwana wawo, ndipo anathera m'njira yopita kuchipatala. Kumaliro ndinapita ndekha, ana ndinawasiya kwa mnzanga wa kutchalitchi. Nditabwerako, amayi a mpingo anadzaza kanyumba kathu mpaka pamasitepe, ndipo abusa anamuitana Tadala, namugwira manja onse awiri n'kumuuza kuti adadi ake atsogola, tonse tidzawapeza. Aliyense wolowa ankanena mawu omwewo, inenso ndinkanena omwewo. Kwathu mwana wamng'ono sitimuuza imfa ndi dzina lake. Tadala anangogwedeza mutu, sanalire, ndipo ine ndinathokoza Mulungu pondipatsa mwana wolimba mtima. Mchimwene wake Mphatso, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndiye anadzitsekera kuchipinda masabata angapo.

Galimoto ndinaligulitsa, chifukwa ine kuyendetsa kwanga kumathera pa Catford, pafupi ndi kwathu pomwepo. Choncho ndinagula matikiti atatu a basi yaikulu ya mtunda wautali, mtengo wake wonga malipiro a shifiti yathunthu, ndipo ndinadzitonthoza kuti mwina mphepo ya kumapiri itithandiza tonse.

Tinanyamuka m'mawa pa basi ya m'tauni yopita ku Victoria, kokwerera mabasi a mtunda wautali. Ndinali nditakazinga mandasi ndi nkhuku, ndaphika mazira, zonse m'chikwama cha nsalu, ngakhale Mphatso ankati tikununkhitsa basi. Pa Camberwell tinaima nthawi yaitali chifukwa ankakumba msewu, monga amachitira ku London tsiku lililonse limene munthu uli pachangu. Tadala anakhala pawindo atakumbatira kachikwama kake, ndipo zipi itatseguka pang'ono ndinaona chipewa cha abambo ake, chija chotuwa chimene ankapachika kuseri kwa chitseko. Ndinayang'ana kumbali kuti asaone maso anga. Ndinaganiza kuti mwana watenga chikumbutso.

Ku Victoria tinafika tikuthamanga, mtima uli m'mwamba, n'kupeza kuti basi yathu sinabwere n'komwe. Pachikwangwani panangolembedwa kuti yachedwa, osanena kuti yachedwa mpaka liti. Mipando yonse inali yodzaza, ena atagoneka zikwama pamene munthu akanakhala, nkhunda zikuyendayenda pakati pa miyendo yathu ngati nazonso zili ndi matikiti. Ndinakhala pa sutikesi. Mphatso anatseka makutu ndi mahedifoni. Tadala ankapita kuchikwangwani n'kubwerera, kupita n'kubwerera, mpaka ndinamukalipira m'Chichewa kuti akhale pansi asanandisokoneze mutu.

Kukalipa kumeneko ndi kumene kunatipezera mnzathu wa paulendo. Mayi wina wojintcha, wovala duku lofiira, anatembenuka n'kuseka. Anati dzina lake ndi Mayi Tembo, kwawo ndi ku Zambia, amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Tottenham, ndipo ankapita ku Chester kukaona mwana wake amene anali atangobereka kumene. Sanadikire kuti ndimuitanire. Anati fungo la mandasi analimva kalekale koma ankaopa kuyamba. Tinadya limodzi pamenepo, tikudandaulirana za misana yathu ndi za mabwana opanga ndandanda ya mashifiti ngati ife tilibe mabanja.

Basi itabwera, anthu amene ankaoneka aulemu aja anaiwala ulemu wawo pakhomo. Mayi Tembo anatchinga njira ndi thupi lake kuti ana anga alowe, ndipo tinapeza mipando pafupi, ine ndi Tadala mbali ino, iye ndi Mphatso mbali inayo. Tinakwawa m'misewu ya kumadzulo kwa London, kuimaima pa maloboti, ndipo tisanatuluke n'komwe mumzinda, chakufupi ndi Hillingdon, m'basi munayamba kununkha ngati mphira wopsa. Dalaivala anapatukira pa malo omwetsera mafuta, nazimitsa injini, n'kutiuza mwaulemu wonse kuti titsike, basi ina ikubwera posachedwa. Mayi Tembo anati posachedwa wa azungu ndi wa kwathu ndi pachibale.

Tinakhala pa kapinga kuseri kwa malo aja, magalimoto akudutsa ali fuu. Mnyamata wina ankakangana ndi dalaivala za ndege, ngakhale basi yathu sinkapita ku bwalo la ndege lililonse. Agogo ena achizungu anatulutsa ulusi n'kuyamba kuluka. Dzuwa linakwera, mazira anatha. Tadala sanakhale pansi. Ankangoyang'ana kumsewu, chala chili mkamwa, chizolowezi chimene anasiya ali wa zaka zinayi.

Mayi Tembo anamukoka dzanja n'kumufunsa chimene chinkamuvuta. Tadala amamva Chichewa chonse koma amayankha m'Chingerezi, ngati ana ambiri obadwira kuno. Anayankha kuti tikuchedwa kwambiri.

"Manje uthamangira chani, mwana wanga? Mapiri sathawa."

"Adadi," anatero Tadala, mawu amenewa okha m'Chichewa. "Atsogola." Kenaka anapitiriza m'Chingerezi, mofatsa, ngati akufotokozera munthu wosamva msanga. Anati adadi ake anatsogola kukagwira tebulo la pawindo, ndipo akhala akuligwira nthawi yaitali kwambiri, mwina Mayi Pritchard ayamba kukwiya. Anati anaiwalanso chipewa chawo, ndiye alibe choika pampando wachitatu.

Mayi Tembo anandiyang'ana. Ndinali nditamuuza kale ku Victoria kuti ndine wamasiye. Miyezi inayi yonseyi ndinkayamikira mwana wolimba mtima, pamene mwanayo ankangowerenga masiku oti akakumane ndi abambo ake pa nsomba ndi tchipisi. Palibe amene anamunamiza. Tinamuuza mawu amene iye ankawadziwa bwino kuposa mawu ena onse a Chichewa, mawu amene abambo ake ankanena chaka chilichonse akutseka chitseko cha galimoto.

Mphatso anali atachotsa hedifoni imodzi. Anadikira kuti mlongo wake abwerere kumsewu, n'kundiyandikira.

"Mami, muyenera kumuuza. Asakafike pakhomo paja asakudziwa."

Ndinati ndimuuza tikakwera basi. Basi ina itabwera, yodzaza kale theka, tinakhala mobalalikana, Tadala pamiyendo panga, pambali pathu bambo wina wachilendo akudya maapulo. Ndinati nkhani ngati imeneyi siyokambira pamaso pa mlendo. Ndimuuza ku Birmingham.

Ku Birmingham tinapeza basi yathu yolumikiza itapita kalekale. Panali mzere wautali pa kawindo kosinthira matikiti, Tadala akufuna kuchimbudzi, Mphatso akufuna potchajira foni, Mayi Tembo akukangana ndi kamtsikana ka pakawindo m'Chingerezi cha ukali chimene sindinkayembekezera. Mayi Tembo anatipezera malo pa basi ya masana. Tinali ndi nthawi yokwanira, ndisanamizire mzere. Ndinamutengera Tadala pakona ina ya phee, ndinagwada, ndinamukonza kolala imene inali yokonzeka kale. Iye anandiyang'ana ndi maso a abambo ake n'kundifunsa ngati adadi adzazindikire kuti dzino lake lakutsogolo linachoka. Ndinati adzazindikira. Ndinamugulira madzi a malalanje.

Ine ntchito yanga ndi unamwino. Ndaimapo pambali pa madokotala kambirimbiri akuuza anthu kuti m'bale wawo wamwalira, ndipo anatiphunzitsa kuti tizinena mawu enieniwo, osazungulira, chifukwa munthu wachisoni amagwira kamawu kalikonse kopatsa chiyembekezo. Zimenezi ndimazidziwa m'Chingerezi, nditavala yunifolomu. Koma kwa mwana wanga, m'chilankhulo cha amayi anga, lilime linkakana. Mawu oti kumwalira ndinali ndisanawatchulepo ndi pakamwa panga za bambo a Mphatso, ngakhale kwa ine ndemwe. Ndinazindikira pa siteshoni paja kuti bola mwana akuwadikira, nanenso penapake ndinkawadikira.

Kuchoka ku Birmingham mvula inayamba, ndipo basi inkaima m'matauni amene mayina ake sindinawasunge. Tadala anajambula tebulo pa nthunzi ya pawindo, ndi timitu tinayi. Pa Chester Mayi Tembo anatsika. Anapsompsona ana, nandisiyira mabisiketi amene anagulira mdzukulu wopanda mano n'komwe, kenaka anawerama n'kundinong'oneza.

"Ba sister, bamuna banga naine banafa. Mwana azalira, koma sazafa. Mukambe chabe."

Ndinagwedeza mutu. Basi itanyamuka ndinatembenuka kuti ndiyambe, n'kupeza Tadala wagona, chipewa chili pachifuwa. Kumudzutsa kuti ndimuswe mtima sindikanatha. Tinadutsa m'mbali mwa nyanja, mapiri anayamba kuoneka kumanzere, mvula inakata. Mphatso sanandiyankhulenso, ankangondiyang'ana nthawi ndi nthawi, ndipo kuyang'ana kwakeko kunkandipweteka kuposa mawu.

Ku Bangor tinafika chakumadzulo, koma dzuwa la Ogasiti kuno limachedwa kulowa. Maganizo anga anali oti tikasiye katundu kogona, ndikamukhazike pabedi, ndimuuze bwinobwino. Koma njira yopita kogonako imadutsa pakona pa msewu wa Mayi Pritchard, ndipo ine ndinali ndi sutikesi dzanja ili, chikwama dzanja linalo. Tadala atangoona chikwangwani chabuluu cha malo odyera aja anathamanga. Ndinamuitana, Mphatso anaponya katundu pansi n'kumuthamangira, koma kamwana kaja kanali katalowa kale.

Nditafika pakhomo ndinamupeza ataima pakati pa chipinda. Pa tebulo la pawindo panali banja lina, bambo wadazi, mkazi wake ndi ana awiri, akudya mosangalala. Tadala anawayang'ana, anayang'ana matebulo ena onse limodzi ndi limodzi, kenaka anapita kukaima pakhomo la chimbudzi cha amuna. Mayi Pritchard anatuluka kukhitchini akupukuta manja, natizindikira, n'kufuula mwachimwemwe. Anafunsa kuti ali kuti bambo wamkulu uja wolanda mipando yake, chaka chino wachedwa bwanji.

Ndinapita kukamunyamula Tadala, ngakhale ndi wamkulu woti sanyamulidwanso, ndipo ndinatuluka naye panja. Kutsidya kwa msewu kuli kakhoma kamiyala. Ndinamukhazika pamenepo, ine n'kugwada pansi ponyowa.

"Tadala, tamvera. Adadi sali muno. Sali kogona, sali panjira. Adadi anamwalira." Ndinabwerezanso m'Chingerezi, mawu awiri aja amene timawanena kuchipatala, kuti pasatsale pobisala. Ndinamuuza kuti mtima wawo unaima ali kwa agogo, kuti ndinapita kukawaika m'manda, ndipo kuti sabweranso.

Tadala anati, koma abusa anati atsogola. Ndinamuuza kuti ndi mmene timanenera kwathu munthu akamwalira, chifukwa mawu enieniwo amalemera pakamwa. Anafunsa ngati Mphatso ankadziwa. Ndinati inde. Anafunsa ngati anti onse aja odzaza pamasitepe ankadziwa. Ndinati inde. Ndi pamene nkhope yake inasweka. Analira kulira kumene anayenera kulira mu Epulo, akundimenya paphewa ndi chipewa chija, akunena kuti anasunga dzino lake m'thumba kuti awaonetse. Ine ndinalira naye, pamsewu, anthu akudutsa. Sindinachite manyazi ngakhale pang'ono.

Mphatso ndiye anawauza Mayi Pritchard. Titalowanso tinawapeza maso ali ofiira, ndipo banja lija linali litasamukira lokha pa tebulo lina, mbale zawo zili m'manja. Sindikudziwa chimene anawauza. Tinakhala pawindo. Nsomba zinabwera zitatu, zazikulu ngati kale, ndipo zinali zokoma, chinthu chimene chinandikwiyitsa. Tadala anadya tchipisi ziwiri kapena zitatu. Chipewa anachiika pampando wotsalawo, osati mosungira munthu malo, anangochiika chifukwa analibe pena pochiika. Mapiri anali pomwepo monga mwa masiku onse, ndipo palibe amene anawayang'ana kwenikweni.

Mawa lake ndinkafuna kuti tingobwerera ku London, koma Tadala yemweyo anati kwa mmwenye sitinapite. Tinanyamuka masana, wapansi, kukwera kamtunda kaja pang'onopang'ono. Kumeneko kumadzaza msanga, ndipo titafika pokhotera tinaona gulu la alendo likulowera komweko. Mphatso, amene chaka chino watalika kufika pamene ankafika abambo ake, anafulumiza mapazi. Sanaganize n'komwe, mawu anangotuluka okha.

"Mami, ine nditsogole, ndikagwi..."

Tadala anamugwira malaya ndi manja onse awiri, mwamphamvu mpaka batani linaduka n'kugubuduzika pamsewu. Ndipo anayankhula Chichewa, chiganizo chathunthu, choyamba chimene ndinamumvapo.

"Ayi. Wina asatsogolenso."

Tinayenda atatu phewa ndi phewa, tikutsekereza kanjira konse, anthu akutipatukira. Titafika tinapeza matebulo onse atatha, ndipo tinadikira panja, titaimirira, mpaka wina atadzuka.